Usanagule Yofiirayo

Nélia, bweza kaye ndalamazo m'thumba.
Ndakuona m'mawa ukusisita parachuti yofiira ya Tadeu
ngati mwana wa mphaka.
Ndi yokongola, sindikukana.
Koma ndi yaing'ono, ndipo nsalu yaing'ono ilibe chisoni,
imathamangira pansi ngati inasiyako ngongole.
Tadeu wadumpha maulendo zikwi ziwiri.
Iwe makumi atatu ndi anayi.
Gula yaikulu, yaulesi, yosuluka ndi dzuwa,
yoti ukalakwitsa izikukhululukira.
Akuseke anyamata a pabwalo lino la Évora.
Kusekedwa sikuthyola msana.

Yakale si vuto. Bwera nayo patebulo langa lalitalili,
ndiyendetse zala pa chingwe chilichonse,
ndiinunkhize ngati inagonapo pachinyontho,
ndiwerenge kakhadi ka parachuti yachiwiri
tione anaipinda komaliza ndani, ndipo liti.
Chipewa ndi magalasi, sankha mtundu umene wakonda.
Zinazi sasankha ndi maso.

Usanakwere ndege gwira malamba atatu:
wa pachifuwa, wa ntchafu iyi, wa ntchafu iyo.
Gwira zokokera zitatu, motsatana monga udzazifunire.
Ukakhala m'ndege, gwiranso.
Mnzako akuyang'ane kumsana, poti maso ako safikako.
Wokwiya chifukwa wamuyang'ana, usadumphe naye.

Pachitseko mphepo idzakuwomba mbama. Usabwezere.
Kankha mchombo kutsogolo, chibwano m'mwamba,
miyendo uikumbukire kuti ndi yako.
Ukayamba kugubuduzika usaphiriphithe ngati womira,
pinda msana, tulutsa mpweya,
mlengalenga mudzakutembenuza mokha.
Ndipo kawotchi ka padzanja kowerenga mamita otsala,
uzikayang'ana kuposa mmene umayang'anira foni.
Uli kumwambako, minda ya mphesa imaoneka ngati yaima.
Ikunama.
Ikubwera.

Koka pa nthawi yake, ngakhale uli chagada.
Kenako kweza maso uifunse nsaluyo:
watambasuka? Ukuwongoka? Ukundimvera?
Zingwe zikapotana, zitanyule ndi manja
uku miyendo ikupalasa njinga ya mumphepo.
Ikakanirira, mamita akutha, usakambirane nayo.
Yang'ana chofiira, koka.
Yang'ana chachitsulo, koka.
Yeserera pansi pompano mpaka manja aloweze,
poti tsikulo mutu udzakhala utapita kwina.

Tsopano ona mwendo wangawu.
Zaka makumi awiri ndi mphambu zapitazo
ndinafuna kutera pafupi ndi mpanda
pamene Graciete anatsamira akundionera.
Ndinakhota ndili pamsinkhu wa mitengo ija yosendedwa makungwa.
Nthaka ya Alentejo m'mwezi wa Ogasiti ndi njerwa yootcha.
Graciete anandilolabe, inde,
koma m'bondo muno muli tizitsulo tisanu ndi kamodzi
todziwa za mvula wailesi isananene.
Pafupi ndi nthaka usakhote.
Tera paliponse popanda mawaya, ngakhale pakati pa nkhosa za eni,
bola phiko lili chilili pamutu pako,
mapazi pamodzi, mawondo pamodzi,
manja onse awiri atsikire limodzi, mosapupuluma, mpaka m'ntchafu.
Kubwerera wapansi utakumbatira nsalu, minga ili m'masokosi,
si manyazi.
Ine ndinabwerera pamachira.

Taona kansalu ka pamlongoti kaja,
kaima nji, kenako kagwa, kenako kaloza kwina.
Ngakhale dokowe wa pansanja ya tchalitchi
wangokhala phee pachisa chake.
Lero palibe wokwera.
Nalonso ndi phunziro, ndipo ambiri amalilephera:
kukhala pansi mtima uli kumwamba.

Usandiyang'ane choncho.
Khofi ali m'fulasiki, buledi ali apo.
Gwira mbali iyo ya nsalu, tipinde limodzi.
Zingwe zonse zigone pakati.
Ayi, osati choncho.
Yambiranso.